Kodi khonsolo ingatithandize pa bizinesi ya makala a zinyalala?

Funso: Zikomo alangizi. Ndife amayi asanu ndi awiri a ku Bangwe, mumzinda wa Blantyre. Timaumba makala kuchokera ku utuchi, mapepala, zitsononkho ndi fumbi la makala lomwe timasesa kumsika, ndipo timamata ndi phala la chinangwa. Anthu akugula, koma timaumba pamanja ndipo poyanikira tilibe, moti dzinja likafika ntchito imaima. Mnzathu wina akuti khonsolo imapereka ndalama kwa anthu ochepetsa zinyalala. Kodi n'zoona? Tiyambire pati?

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi mbali yowawa. Musavale chitenje chatsopano n'kupita ku khonsolo mukuyembekeza kubwerako ndi ndalama za makina. Khonsolo imapeza ndalama kuchokera ku msonkho wa nyumba ndi mapuloti, ziphaso za malonda, matikiti a m'misika ndi gawo lomwe boma limatumiza. Ndalama zomwezo ndi zimene amalipira antchito, kugula mafuta a magalimoto ndi kukonza ngalande. Zotsala zoti agawire magulu zimakhala zosowa.

Koma mnzanuyo sananame kwenikweni, wangolakwitsa mtundu wa thandizolo. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 linaika ntchito yotola ndi kutaya zinyalala m'manja mwa makhonsolo. Lole iliyonse yopita kumtaya wa ku Mzedi imadya mafuta a khonsolo. Thumba lililonse la zinyalala lomwe inu mwachotsa pamsika ndi katundu amene iwo sanyamulanso. Choncho mukapita, musakalankhule ngati opempha chithandizo cha maliro. Mukanene kuti mukugwira kale gawo la ntchito yawo, ndipo mukufuna mugwirizane.

Kuti mawu amenewa akhale ndi mano, yambani lero kulemba m'kope. Sabata ino mwatola matumba angati a zinyalala, mwaumba makala ochuluka bwanji, mwagulitsa ndalama zingati, anagula ndani. Miyezi itatu ya kope lotere imalankhula mokweza kuposa kalata yodandaula ya masamba anayi.

Nanga mukapemphe chiyani? Choyamba ndi malo. Vuto lanu lalikulu si makina ayi, ndi poyanikira, chifukwa ngakhale mutagula makina mawa, makala onyowa sagulika. Misika ndi ya khonsolo, ndipo m'mbali mwa misika yambiri muli kangodya komwe kamangodzala zinyalala. Pemphani kamalo koteroko muikepo shedi. Apa ndikuchenjezeni kwambiri: chilolezocho chikhale cholembedwa, chosainidwa ndi kudindidwa, chonena kukula kwa malo, zaka zomwe mukhalepo ndi ndalama zomwe muzilipira ngati zilipo. Mawu apakamwa a mkulu wa msika amatha tsiku lomwe wasamutsidwa. Ndipo shediyo ikhale ya mitengo ndi malata, yoti mutha kuzula, osati ya njerwa zootcha pamalo a eni.

M'kalata yomweyo muikemo chilolezo chotola zinyalala pamsikapo, kuti tsiku lina wina asadzatulukire n'kuyamba kukulipiritsani pa zinthu zotayidwa. Anthu akaona kuti zinyalala zayamba kubala ndalama, eni ake amapezeka. Pemphaninso kalata yokuikirani umboni kuti khonsolo ikukudziwani ndipo ikugwira nanu ntchito. Kalata imeneyi imakuthandizani mukamakafunsira ngongole kapena thandizo ku mabungwe a zachilengedwe.

Khomo lolowera ndi khansala wa wodi yanu pamodzi ndi komiti ya chitukuko ya m'dera lanu, kenako nthambi ya zaumoyo ya khonsolo, yomwe imayang'anira zinyalala. Koma ofesi sigwirizana ndi "amayi a ku Bangwe", imafuna dzina lodziwika ndi lamulo. Lembetsani gulu lanu ngati koparetivi kudzera ku Unduna wa Zamalonda, kapena lembetsani dzina la bizinesi ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, mutenge nambala ya msonkho ku MRA ndi kutsegula akaunti ya gulu ku banki. A bungwe la boma lotukula mabizinesi ang'onoang'ono, lomwe linkadziwika kuti SMEDI, amaphunzitsa za kayendetsedwe ka bizinesi, afikireni.

Za makina, ngongole ya thumba la boma lobwereketsa ndalama kwa amalonda ang'onoang'ono ilipo, koma ndi ngongole, iyenera kubwezedwa ndi chiwongoladzanja. Ine ndikadakhala inu ndikadayamba ndi makina opanira pamanja, omwe owotcherera zitsulo a ku Ndirande angakupangireni, ndalama zake zichokere ku banki mkhonde. Makina a magetsi adikire mpaka mutapeza ogula okhazikika monga malo odyera, sukulu zogonera ndi oweta nkhuku amene amafunditsa anapiye ndi mbaula. Chinthu china choti muchiganizire: mu 2020 lamulo la zankhalango linakonzedwa ndipo zilango za makala opanda chilolezo zinakula. Izi zikukutsegulirani msika, komabe fumbi la makala lomwe mumasesa limachokera ku malonda omwewo. Zolowerani kuotcha zitsononkho ndi makoko a mtedza kuti mupange fumbi lanulanu.

Funso: Ndine mnyamata wa ku Area 25 ku Lilongwe. Ndimasungunula mapepala a pulasitiki n'kusakaniza ndi mchenga kupanga timiyala toyala pabwalo. Kodi khonsolo ingamandigule?

Yankho: Achimwene, n'zotheka, koma khonsolo imagula motsata lamulo la kagulidwe ka katundu wa boma. Muyenera kukhala ndi bizinesi yolembetsa, nambala ya MRA ndi kulembetsa ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma. Mu 2020 boma linatulutsa lamulo lopereka mpata kwa mabizinesi ang'onoang'ono pa zogula za boma, ndiye mwayi ulipo. Timiyala tanu mukatiyezetse ku Malawi Bureau of Standards, chifukwa injiniya sangayale msewu wa oyenda pansi ndi chinthu chomwe sakudziwa kulimba kwake. Kumbukiraninso kuti maofesi a boma salipira pompopompo ngati kasitomala wa pamsika, choncho musalowetse mpamba wonse pa oda imodzi.

Chondidetsa nkhawa ndi utsi. Kusungunula pulasitiki pakati pa nyumba za anthu kudzakuyambanitsani ndi aneba komanso a MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, ndipo mapaipi a PVC musawaike pamoto n'komwe, utsi wake ndi poizoni. Pemphani khonsolo malo otalikirana ndi nyumba. Dziwaninso kuti majumbo opyapyala osafika mamaikironi 60 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki) analetsedwa mu 2015, ndipo Khoti la Supreme linavomereza chiletsocho mu 2019. Musadalire majumbo okha. Kambiranani ndi mashopu aakulu ndi mafakitale a ku Kanengo kuti azikusungirani mapulasitiki okutira katundu, amene amakhalanso oyera kuposa otola kumtaya wa ku Area 38.