Shafuti ya tayala lakumbuyo yakana kutuluka, ndipange bwanji?

Funso: Bwana makaniko, ndine wakabaza pa Lizulu, njinga yanga ndi Lifo. Tayala lakumbuyo laphwa ndiye ndimafuna ndisinthe chubu, nati ndamasula bhobho koma shafuti yakaniratu kutuluka, ndamenya ndi hamala mpaka kunsonga kwayamba kuphwatalala. Ndithandizeni, njinga yagona masiku awiri.

Yankho: Achimwene, choyamba hamalayo iikeni pansi kaye. Nsonga ikaphwatalala ngati bowa ndiye kuti mwadzitsekera nokha njira, chifukwa shafutiyo, ena amati ekiselo, imayenera kudutsa m'kabowo ka bering'i kothina kwambiri, ikatupa pang'ono chabe basi sidutsanso. Tengani fayilo mupale potupapo mpaka nati iyambenso kulowa m'mazinga.

Chimene chagwira shafuti yanu ndi dzimbiri. M'kati mwa habu, chitsulo chapakati pa tayala chija, muli mabering'i awiri ndipo pakati pawo pali kapaipi kachitsulo, sipesa, shafuti imadutsa m'menemo. Madzi amatope a nthawi ya mvula mu msewu wa ku Tsangano uja, kuphatikizapo kutsukira njinga mumtsinje, amalowa pang'onopang'ono ndipo ngati shafuti inalowetsedwa youma opanda girizi ziwirizo zimamatana ngati wina wachita kuwotcherera. Ndiye mphamvu yokha siingathandize, pamafunika mafuta ndi nthawi.

Imikani njinga pa sitandi yapakati, masulani zokokera tcheni mbali zonse ziwiri tcheni ikhale lendelende, chotsani ndodo ya buleki ndi kachitsulo kaja kogwira mbale ya buleki. Kenako ikani thabwa pansi pa tayala kuti kulemera kwake kusapachikike pa shafuti, ambiri amaiwala pamenepa. Thirani WD-40, mafuta opopera omasula dzimbiri aja, mbali zonse pomwe shafuti yalowera, ngati mulibe sakanizani dizilo ndi oyilo pang'ono kapena parafini yemwe, pendeketsani njinga kuti mafuta atsikire m'kati, thiraninso madzulo, muisiye igone. Samalani asafike pa mashuzi a buleki, akanyowa mafuta buleki siigwiranso.

M'mawa musayambe ndi kumenya. Ikani sipanala ya ring'i kumutu kwa shafuti, mulumikize paipi kuti ikhale yaitali, muzipotoza uku ndi uku pang'onopang'ono. Mukamva kuti khe! ndikuona madzi ofiira akutuluka ndiye kuti dzimbiri layamba kugonja. Apo bwezerani nati mpaka ifanane ndi nsonga ya shafuti kuti iteteze mazinga, ikani kathabwa kolimba pamwamba ndiye muzimenya pathabwapo. Koma chinthu china, mbali inayo ya swing arm, zitsulo ziwiri zija zogwira tayala lakumbuyo, ikhale ndi chotsamira, mnzanu agwirizize paipi yaikulu yoti mutu wa shafuti ulowe m'kati mwake, kwinako itsamire khoma. Mukapanda kutero swing arm imangovina, mphamvu yonse ya hamala imathera pomwepo ndipo imatha kupindika, njinga nkumayenda chammbali ngati nkhanu. Shafuti ikangosuntha pang'ono ibwezeni, thirani mafuta, menyaninso, kenako chotsani nati muikankhe ndi bawuti yaitali yocheperapo kunenepa.

Mwezi wathawu kunabwera mnyamata wa ku Mlangeni ndi vuto lomweli, ife tinanyika usiku wonse koma ayi ndithu, kupotoza imapotoka kutuluka osatuluka. Titaitulutsa ndinaigubuduza pa galasi, imachita kudumpha, inali yopindika. Amanyamula matumba a kachewere atatuatatu kuchoka kumunda, ndiye bampu imodzi yokha ndi katundu wotere shafuti imakhota. Ngati nanunso mumasenza katundu chonchi yanunso iyeseni pa galasi, yopindika musawongole, gulani ina.

Za moto ndikuchenjezeni, ambiri amathamangira kwa owotcherera kuti atenthe. Kutentha kumathandiza inde koma habu ndi ya aluminiyamu, m'kati muli malabala aja a sipuloketi, mabering'i ali ndi tizivindikiro ta labala, komanso thanki ya petulo ili pafupi. Ine ndimalola kutenthetsa pang'ono pa masipesa akunja okha, thanki itachotsedwa. Zikakanika zonse dulani ndi hakiso pakati pa habu ndi swing arm mbali zonse ziwiri, tayala lituluke, chidutswa chotsalacho mukachitulutse pa pulesi, makina okankha zitsulo mwamphamvu aja, ku Ntcheu boma kapena ku Dedza. Shafuti ndi masipesa ndi zotchipa kuyerekeza ndi habu yosweka.

Mabering'i amene amenyedwa chonchi ine sindimabwezera ngakhale akuoneka abwino, amadzayamba kulira muli pa Khwekhwerere ndi kasitomala kumbuyo. Nambala inalembedwa pambali pake, 6301 ndi ya shafuti ya 12mm, 6302 ndi ya 15mm, koma pitani ndi yakaleyo kusitolo mukafananize. Pobwezera palani shafuti ndi sandipepa mpaka iwale, ipakeni girizi yonse osati kunsonga kokha, muonetsetse kuti zokokera tcheni zafanana mbali zonse musanamange nati. Ngati nati yanu ndi ija yokhala ndi mipata ya kapini, ikani kapini katsopano, kakale kamathyoka.