Mbalame za mu June sizikusowa chimanga, Mayi

Lachiwiri lapitali ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chilomoni. Mwana wawo amene ali ku Manchester adawatumizira kabotolo kopachika mumtengo, kodyetseramo mbalame. Ndiye akufunsa kuti aziikamo chiyani nyengo yozizira ino, komanso awayankhe bwanji amuna awo amene akuti kuthira chakudya mbalame, ufa uli pamtengo umenewu, ndi misala yeniyeni.

Mayi, mwandiponda pachilonda. Ine pamaso pa mbalame ndine wamlandu, ndipo mlanduwo ndiuyambe kaye ndisanakuyankheni.

Ndidakulira ku Ndirande m'zaka za m'ma 1980, phiri lija likadali ndi mitengo. Loweruka lililonse tinkakwera tili anayi kapena asanu, aliyense legeni yake m'khosi, ya mphira wa chubu cha galimoto, matumba a kabudula atalemera ndi miyala mpaka kabudulayo kumatsika. Wina ankabwera ndi ulimbo. Ine pa legeni ndinali katswiri, osati zonama. Njiwa, atimba, mpheta, chilichonse chokhala ndi nthenga chinali ndiwo. Sindikunena izi monyada, komanso sindikufuna kunamizira kuti tinali ana oipa. Nyama kunyumba inkaoneka kamodzi pamwezi, ndipo kambalame kootcha kothira mchere kanali chuma.

Tsiku lina mu July, chiperoni chitakuta phiri lonse moti mnzako wa patsogolo sumamuona bwino, ndidalasa pumbwa. Adagwa pafupi ndi phazi langa. Nditamutola, manja anga anali ataferatu ndi chisanu, koma iye anali wotentha ngati mbatata yongophula kumene. Kamtima kankagunda pachala changa. Ndidaona kamutu kakuda kaja, tinthenga tachikasu kunsi kwa mchira, kenako kadiso kadatsekeka pang'onopang'ono kuchokera kunsi. Tidamuotcha ndithu, ndipo ndidadya nawo. Tidagawana anthu anayi, aliyense kachidutswa kosakwana chala. Sindidasiye legeni tsiku limenelo, zija amanena m'maumboni a kutchalitchi ayi. Ndidapitiriza zaka zina ziwiri. Koma kutentha kwa kambalame kaja m'manja ndimakumvabe June aliyense akafika.

Agogo anga aakazi, amene tinkakhala nawo, anali ndi phale la mphika wosweka pansi pa mtengo wa mango. Ankathiramo madzi a nkhuku, koma mbalame za kutchire zinkamwanso pomwepo, makamaka dzuwa likapendeka. Kwa ife anyamata apo panali pamsika: mbalame zabwera zokha, zaima malo amodzi. Ndidayesa kamodzi. Agogo adandilanda legeni nkuiponya pamoto, fungo la mphira lidadzaza khitchini yonse, nati, "Iwe, kuphiri kuja chita zako. Koma wobwera kudzamwa madzi pakhomo panga saphedwa." Agogowo sadapiteko kusukulu, za chilengedwe sadaphunzitsidwe ndi bungwe lililonse, ndipo chimanga sadathirepo mbalame ngakhale tsiku limodzi. Akadamva kuti kuli anthu ogulira mbalame chakudya m'sitolo akadaseka mpaka kutsokomola.

Ndiye ndinene mosapsatira: kabotolo kanuko adakapangira dziko lina. Ku Manchester mu December kumada cha m'ma 4 koloko madzulo, nthaka imauma gwa ndi chisanu, tizilombo timasowa, ndipo kambalame kakang'ono kakagona ndi njala usiku wautali chomwecho m'mawa sikadzuka. Kumeneko kudyetsa mbalame kuli ndi mutu wake. Kuno kwathu kuzizira kwa June ndi July kumatipweteka ife chifukwa nyumba zathu ndi zamalata ndipo majuzi ndi a kaunjika, koma usiku wa ku Blantyre umangotsika cha m'ma madigiri 12, mwina kucheperako pang'ono chiperoni chikalimba. Udzu wakhwimitsa njere, m'minda angokolola kumene, aloe akuchita maluwa ndipo achoso, timbalame ta milomo yaitali yopindika tija, tikuyamwa timadzi take. Anamzeze ochokera ku Ulaya adanyamuka kale cha mu April, adzabweranso mvula ikamayandikira. Zotsala nafe zino ndi zakuno, chisanu chathu zimachidziwa.

Chimene zikusowa ndi madzi ndi pobisala. Mvula imasiya mu April ndipo sibweranso mpaka November. Chiperoni, chija chimachokera kuphiri la Chiperone ku Mozambique, chimangonyowetsa masamba, sichidzaza chithaphwi. Tapitani mukaone mtsinje wa Mudi kapena wa Nasolo mwezi uno, muone ngati mungalole nkhuku yanu kumwa madzi amenewo. Ndipo vuto lenileni silikhala mu June, limakula mu September ndi October, kukatentha, tchire litapsa lonse. Anthu amene amakumbukira mbalame nthawi yozizira yokha akutsatira kalendala ya eni ake.

Za pobisala zimandikwiyitsa kwambiri, ndipo pano mundikhululukire. Ife Amalawi tili pachibwenzi ndi tsache. Tikadzuka m'mamawa timasesa bwalo mpaka nthaka kuwala ngati mutu wa dazi, masamba onse tiunjike pakona, madzulo tiyatse moto, utsi ukute dera lonse. Amene zawayendera amathira simenti kapena kuyala timiyala bwalo lonse, mpanda wa njerwa, pamwamba magalasi osweka, nkumadabwa kuti m'mawa kuli zii. Kambalame kaja ka pachifuwa pofiirira ndi kamzere koyera pamwamba pa diso, kamene kamaimba mokweza kusanache, kamadya tizilombo ta m'masamba ogwa pansi pa zitsamba. Mukasesa masambawo mwasesa mbale yake. Abuluzi, achule, bilimankhwe, onse amakhala momwemo. Tikamati ukhondo, nthawi zina timangotanthauza chipululu.

Ndipo zomwe tachita pabwalo ndi zomwe tidachita kumapiri. Phiri la Ndirande lija lidametedwa mpala m'zaka za m'ma 1990 ife tikuona. Soche naye adatsatira, ndipo mu March 2023 namondwe wa Freddy atafika, matope ndi miyala zidatsikira pa anthu ku Chilobwe. Sindikuloza chala munthu wootcha makala, poti ine ndemwe ndimagula thumba magetsi akazima. Inu a ku Chilomoni, Michiru ali pakhomo panu, koma nayenso nkhwangwa sizikumupatsa mpumulo. Dziko lino lili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, koma mwana wobadwira mu Blantyre lero akhoza kukula akudziwa khwangwala yekha.

Za amuna anuwo

Musalimbane nawo, akunena zoona. Chimanga chimene munthu angadye chisapite kwa mbalame. Ine ndidayesapo zaka zingapo zapitazo, nditayamba kudzimva chisoni ndi machimo a ku Ndirande aja. Ndinkamwaza madeya ndi mikute kuseri kwa nyumba m'mawa uliwonse, manja odzaza. Sabata yoyamba kudabwera timpheta ndi njiwa, mtima wanga mbee. Sabata yachiwiri adatulukira makhwangwala, kulanda malo onse, phokoso kuyambira 5 koloko. Sabata yachitatu usiku tidayamba kumva mpira ukuseweredwa kudenga. Makoswe. Adaboola thumba la ufa, adatafuna waya wa firiji. Mayi a kunyumba adangoima pakhomo la khitchini, manja m'chiuno, nati, "Bambo, mbalame zanu zija zamera michira." Waya udandidyera ndalama, ndipo nkhaniyo imatulukabe alendo akabwera.

Zoti muchite

Pezani phale, chivundikiro cha ndowa kapena mbale yakale yosazama, madzi asapitirire mfundo imodzi ya chala, muikemo mwala pakati. Muikhazike pamthunzi, pamwamba pang'ono, pafupi ndi mtengo wothawiramo koma osati pa chitsamba chimene mphaka angabisalemo. Madziwo muzitaya ndi kutsuka mbaleyo pakapita masiku awiri, kuopa kuweta udzudzu. Ngati muli ndi nkhuku, zisamwere pamodzi, chitopa sichichedwa. Apa pokha agogo anga ndikuwatsutsa. M'kabotolomo ikani kadzanja kamodzi ka mawere, mapira kapena misere ya mpunga, kongokwanira kutha lisanalowe dzuwa. Papaya kapena nthochi yoti yapsa kwambiri muibaye pa nthambi, apumbwa adzakuthokozani. Mtedza wachuku ayi, za mchere ayi. Kona imodzi ya bwalo muileke osasesa.

Kwathu kona imeneyo ili kuseri kwa thanki, pansi pa mgwafa, ndipo nkhondo yake ndi mayi a kunyumba sinathe. Iwo amati ndikuitana njoka. Mwina akunena zoona, ngakhale zaka zonsezi ndangoonapo abuluzi ndi gulo mmodzi wa mutu wobiriwira amene amagwedeza mutu ngati akuvomera mlandu. Mwezi wathawu padabwera kadzidzi, adatera pa mlongoti wa magetsi mausiku atatu. Aneba adayamba kundipatsa moni wa patali, wina mpaka adafunsa mwana wanga ngati kunyumba kuli wodwala. Ine ndidangoona kuti makoswe achepa.

Dzulo m'mawa, chifunga chili tolo, ndidakhala pakhonde ndi kapu ya tiyi. Apumbwa awiri adatera pa phale, wina nkulowamo ndithu kusamba, m'chisanu chonsecho, madzi kuwaza uku ndi uku. Kamnyamata ka aneba kanali pamwamba pa mpanda, legeni m'manja, kakuyang'ana mbalamezo, kenako nkuyang'ana ine. Ndidakauza kuti katsike kadzamwe tiyi, koma legeniyo kaisiye kwawo.