"Gingerly" si tiyi wa jinja

Mphunzitsi wina wa ku Chitakale, ku Mulanje, watifunsa kuti: "Ana anga a Fomu 3 anakumana ndi mawu akuti gingerly m'ndime ya Chingerezi. Mmodzi anati nkhaniyo ikukamba za jinja. Ine ndinawauza kuti tanthauzo lake ndi 'pang'onopang'ono'. Kodi ndinalondola?"

Aphunzitsi, mwanayo musamuseke, maso ndiwo anamunamiza. Mawuwa alibe ubale ndi jinja wothira mu tiyi. Anayamba kupezeka m'Chingerezi cha m'zaka za m'ma 1500, ndipo nthawi imeneyo ankanena za kayendedwe kapena kavinidwe koponda mapazi ang'onoang'ono mwamatama. Tanthauzo la kusamala linadza pambuyo.

Inuyo munalasa, koma m'mbali. "Pang'onopang'ono" amanena za liwiro basi. Agogo akukwera chitunda ndi ndodo akuyenda pang'onopang'ono, koma palibe chimene akuopa, ndi miyendo chabe yatopa. Gingerly muli kamantha: munthu akusamala chifukwa akudziwa kuti akalakwitsa apweteka, agwa, kapena aswa chinthu.

Tengani mtsikana akuwoloka Likhubula nthawi ya mvula, nsapato zili m'manja, miyala ili ndi ndere. Amayamba waponda ndi zala zokha, kupapasa mwala ngati sukugwedera, kenako n'kutsitsa chidendene. Apo Mngerezi ndi pamene amatchula mawu ajawa. Ife tingati akuponda mosamala, kapena akuponda mwamantha, ndipo akakhala kuti akuchenjezedwa ndi mnzake wa kutsidya mumva "Bwinotu apo, pakuterera!" Kwa ine "bwinotu" ameneyo ndi amene wanyamula mzimu wa mawuwa kuposa ena onse, ngakhale simungamulembe pa mayeso ngati tanthauzo.

Chichewa sichidalira liwu limodzi pa zonse, nthawi zambiri mneni ndiye amasenza katunduyo. Wobwera usiku akuopa kudzutsa bambo ake amanyang'ama. Mayi wotsuka bala la mwana amalikhudza mosamala. Wonyamula thireyi ya mazira pa kabaza kuchokera ku Luchenza timangoti wagwira mosamalitsa, ndipo aliyense wamva kuti mtima uli m'mwamba.

Chenjerani ndi "mofatsa". Ana ambiri amathamangira pamenepo chifukwa amasokoneza gingerly ndi gently, mawu a Chingerezi otanthauza "mofatsa". Kufatsa ndi khalidwe, kapena kuchita chinthu mosapupuluma: sing'anga amalankhula mofatsa ndi wodwala, mphunzitsi amafotokoza mofatsa. Wofatsa sakuopa kanthu. Wothyola tiyi wozolowera ku Thyolo, uja amatenga masamba awiri ndi kansonga, manja ake ndi opepuka koma ndi achangu, choncho gingerly samukhudza n'komwe. Amene amukhudza ndi woyamba kumene ntchito, yemwe wauzidwa kuti m'mizere ya tiyi mumabisala njoka.

Anawo muwapatse "mosamala ndiponso mwamantha", kenako muwauze apange ziganizo zawo za kuphula poto wotentha pa mbaula opanda kansanza.