Kaloko kaja kanatipusitsa tonse awiri

Mayi ena a ku Dwangwa andilembera imelo kufunsa mmene angadziwire kuti tsamba la pa intaneti ndi lotetezeka. Mayi, funso lanuli landikhudza pachilonda.

Chaka chatha mlamu wanga, amene amapikula usipa ku Senga Bay n'kukagulitsa ku Lilongwe, analandira linki pa gulu la WhatsApp la kumpingo. Akuti bungwe lina likufuna anyamata oti azikalemba mayina m'midzi ya kuno ku Salima. Anabwera nayo madzulo, magetsi atathima, tinakhala pakhonde udzudzu ukutiluma, nkhope zathu zikuwala ndi foni. Ndinayang'ana pamwamba pa tsambalo, ndinaona kaloko, kachithunzi ka loko ka pambali pa adiresi, ndi zilembo za https, ndipo ndinati, "Alamu, lembani, ili ndi labwinobwino." Analemba dzina, nambala ya chiphaso cha unzika, n'kutumiza K15,000 ya fomu. Imeneyo anaitapa pa mpamba wa usipa. Patatha masiku atatu tsambalo linali litasowa, nambala imene anatumizako ndalama ija osapezekanso. Mlamu sanandidzudzule ngakhale kamodzi, ndipo kukhala chete kwakeko n'kumene kumandipweteka mpaka lero.

Ndinadzadziwa mochedwa kuti kaloko kamangotanthauza kuti zimene mukulemba zikuyenda mobisika kuchoka pafoni panu kukafika kutsambalo, wina wapanjira sangaziwerenge. Za mwini tsambalo sikanena kanthu. Chinsinsi chanu chimafika bwino ndithu, koma m'manja mwa mbava. Satifiketi yobweretsa kalokoko imapezeka mwaulere, a bungwe la Let's Encrypt amapereka kwa aliyense amene ali ndi tsamba, wachilungamo ndi kamberembere yemwe. A Google nawo anachotsa kalokoko mu Chrome, pulogalamu yawo yotsegulira masamba a pa intaneti, mu 2023 chifukwa anthu ambiri ankakamva ngati chitsimikizo cha kukhulupirika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma amene amandikwiyitsa kwambiri si akubawo. Ndi ife amene timangomwaza malinki pamagulu tisanawerenge. Munthu akaona kuti watumiza ndi mkulu wa mpingo kapena aphunzitsi ake akale, amakhulupirira nkhope ya wotumizayo, tsambalo saliyang'ananso. Uthenga uliwonse woti "tumizani kwa anthu 10 kuti mulandire bandulo yaulere" ndi msampha, ndipo wougawira anzake wathandiza kutchera. Nanga manyazi athuwa! Wobedwa amabisa, mawa mnzake wa khomo loyandikana agwa m'dzenje lomwelo. Ndimaonanso pa Kamuzu Road agogo akupereka foni kwa mnyamata wosamudziwa n'kumutchulira PIN mokweza, anthu ali pamzere akumva. Mtima umandiwawa.

Tsono muyang'ane chiyani?

Werengani adiresi ya tsambalo chilembo ndi chilembo, makamaka mawu omalizira musanafike pa kamzere koyamba kopendekera (/), osawerengera timizere tiwiri ta https://. Akuba amasintha chilembo chimodzi kapena kuwonjezera timawu kutsogolo kwa dzina lodziwika. Lodzitcha la boma koma losathera ndi gov.mw, likayikireni. Lopanda https musalembepo kanthu, koma kukhala nayo sikokwanira. La banki lembani nokha adiresi yake, osadzera pa linki ya pa WhatsApp. PIN ya Airtel Money kapena Mpamba musailembe pa tsamba limene mwatumiziridwa. Ndipo akati mulipire kaye kuti akulembeni ntchito, kwerani kabaza mukafunse ku ofesi yawo. Mlamu wanga akanangofunsa kuti ofesiyo ili pati, panalibe woti amulozere.