Ulendo wa m'midzi ya m'mapiri a Chigwa cha Shire: kodi ungatheke pa Khirisimasi?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa bambo ena a ku Lilongwe, amene akufuna kuonetsa banja lawo midzi ya m'mapiri ozungulira Chigwa cha Shire pa tchuthi cha Khirisimasi. Akuganiza zonyamuka ku Blantyre pa galimoto yaing'ono, kutsika ku Chikwawa, kufika ku Nsanje ndi kukwera ku Chididi, kenako kubwerera ku Bangula, kuwoloka Shire kupita ku Makhanga ndi kukatulukira ku Thyolo kudzera ku Thekerani. Zonsezi akufuna zichitike m'masiku awiri, ndipo akufunsa ngati n'zotheka.

Bambo, ndakondwa kuti mwaganizira dera lathu, chifukwa anthu ambiri akamva za kuno amangoganiza za kutentha, udzudzu ndi madzi osefukira, osadziwa kuti m'mbali zonse ziwiri za chigwachi muli mapiri a mphepo yabwino. Komabe ndikuuzeni mosabisa kuti ulendo umene mwaukonzawu sungayende. Kuno ulendo sitiupima ndi makilomita a pa mapu, timaupima ndi mitsinje.

Vuto loyamba lili pakati pa Bangula ndi Makhanga. Pa mapu malo awiriwa ndi oyandikana, ndipo mapu ena amaonetsabe msewu ndi njanji zodutsa pa Chiromo. Koma madzi osefukira a mu 1997 anadula njira imeneyi, ndipo anthu amawoloka pa mabwato pa malo otchedwa Mtayamoyo, atakweza njinga, matumba a chimanga ndi mbuzi zomanga miyendo. Galimoto yanu singakwere m'bwato lotero. Mlatho wodalirika wowolokera Shire kuno kumunsi ndi wa Kamuzu, pafupi ndi boma la Chikwawa, choncho ulendo wanu uyenera kugawidwa pawiri: tsidya la kumadzulo palokha, la kum'mawa palokha.

Vuto lachiwiri ndi mwezi. Disembala ndi chiyambi cha dzinja, ndipo mitsinje yochokera m'mapiri a Thyolo, monga Mwamphanzi, Nkhate, Livunzu ndi Thangadzi, ili ndi khalidwe limene mlendo salidziwa. Mukhoza kupeza mtsinje uli mchenga wokhawokha m'mawa, ana akufukula madzi m'timaenje, kumwamba kuli mbee, koma masana madzi a matope n'kutulukira ndi mkokomo atanyamula mitengo ndi miyala, chifukwa mvula yagwa kumtunda kumene inu simukukuona. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anaononga misewu ndi milatho yambiri kuno, ndipo madzi a Ana anafika pogumula damu la magetsi la Kapichira. Ngati mungathe, sunthirani ulendowu pakati pa Juni ndi Ogasiti, pamene misewu yauma ndipo dzuwa la m'chigwa likupiririka. Okutobala ndi Novembala musawayese muli ndi ana, pakuti kutentha kumatha kupitirira madigiri 40.

Tsopano ndinene mmene ine ndingayendere, m'masiku anayi, pa galimoto yaitali miyendo.

Tsiku loyamba nyamukani ku Blantyre m'mamawa ndi msewu wa M1. Kukafika ku Chikwawa ndi makilomita pafupifupi 50 okha, koma pa kamtunda kameneka mudzatsika kuchoka pa mamita oposa 1,000 kufika pa mamita pafupifupi 100. Msewu ndi wokhotakhota kwambiri, ndipo apa ndikupemphani ndi mtima wonse kuti mutsike ndi giya yotsika, injini ndiyo igwire galimoto. Amene amapondereza mabuleki njira yonse amayamba kumva fungo lopserera asanafike pa Thabwa, kumunsi kwa phirilo, ndipo mabuleki akatentha sagwiranso. Mukapeza malo otakasuka bwino, imani pambali muyang'ane pansi. Mudzaona Shire akung'anima ngati lamba wasiliva, minda ya nzimbe ya ku Nchalo itabiriwira pakati pa dziko louma, ndi mapiri a kumalire ndi Mozambique atachita mdima chapatali. Mukatsika m'galimoto pa Thabwa, mpweya wotentha udzakulandirani kumaso, ndipo ana adzadziwa okha kuti afika kwina. Masana mukhoza kupatukira ku Majete, nkhalango imene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira mu 2003, kapena ku Lengwe kukaona nyala.

Tsiku lachiwiri pitirirani kumwera kudzera ku Ngabu ndi Bangula, pakati pa milambe, minda ya thonje ndi ng'ombe zimene zimadutsa msewu popanda changu. Thirani mafuta odzaza ku Nchalo, musadalire kuti mukawapeza kutsogolo. Mukagone ku boma la Nsanje kuti m'mawa mwake mukwere ku Chididi dzuwa lisanakwere.

Chididi ndiye mtima wa ulendo wanu, ndipo musamuchitire changu. Msewu wake ndi wa chikweza chachikulu, choncho musanayambe funsani anyamata a kabaza wa njinga zamoto pa boma, chifukwa iwo amakwera tsiku ndi tsiku ndipo amadziwa pamene pagumuka. Pamene mukukwera, thukuta limauma, mitengo imasintha, ndipo mukacheuka mumaona chigwa chonse chili pansi panu, ndi dziko la Mozambique kutsidya kwa mtsinje. Kumtundako kuli mishoni yakale ya mpingo wa Africa Evangelical Church, ndi midzi ya nyumba zomangidwa m'mbali mwa phiri. Dziwani kuti imeneyi ndi midzi ya anthu, si malo oonetsera alendo. Mukafuna kuyenda wapansi, yambani mwaonekera kwa a mfumu, ndipo musajambule munthu musanam'pemphe. Ambiri kumeneko amalankhula Chisena ndi Chimang'anja. Chichewa chanu adzachimva bwinobwino, koma mukathokoza ndi mawu oti "takhuta", mudzaona nkhope zikumasuka.

Mukabwerera kuchokera ku Nsanje, mbali ya kum'mawa ipatseni tsiku lakelake, lachinayi, ndipo muiyambire kumtunda. Kuchokera ku boma la Thyolo, dutsani minda ya tiyi ya ku Makwasa mpaka ku Thekerani, kumene msewu umayenda pamsana pa zitunda, midzi ili uku ndi uku m'munsi mwanu. M'miyezi yozizira kumagwa chiperoni, nkhungu n'kuphimba msewu wonse, choncho yatsani nyali ndipo musapitirire galimoto inzanu pokhota. Mukamatsetsereka kulowera ku Muona mudzaona Dambo la Njovu litatambalala, limene mu 2017 linalembedwa m'gulu la madambo ofunika pa dziko lonse. Kuchokera ku Fatima, ku Muona komweko, mukhoza kubwerera ku Thabwa ndi msewu wa m'tsinde mwa mapiri, kudzera ku Masenjere ndi Livunzu. Mbali yaikulu ya msewuwu ndi yafumbi ndipo imadya nthawi, choncho ikakwana 2 koloko masana mukadali ku Fatima, ndi bwino kubwerera njira imene munadzera.

M'galimoto musasowe tayala lapadera lopopa bwino, jeke, chingwe chokokera, zigubu za madzi akumwa, neti ya udzudzu ndi ndalama za m'manja, chifukwa netiweki ya foni imadukaduka m'makwawa. Ngati tchuthi chanu sichingasunthike ndithu, ndiye pa Khirisimasi khalani pa phula la M1, muone chitsetse cha ku Chikwawa ndi Majete, ndipo Chididi ndi Thekerani muwasungire mwezi wa Julayi.