Mukanabadwira ku Mangochi bwenzi muli Msilamu?

Achimwene funso lanuli musachite nalo manyazi, ndaona ena akukukalipirani kuti mwayamba kugwa koma ine ndikuona kuti mwafunsa zenizeni. Mwati ndinu a CCAP chifukwa munabadwira kwa Nkhoma, mukanabadwira ku Mangochi bwenzi mukupita ku mzikiti Lachisanu, ndiye mudziwa bwanji kuti chanucho ndiye choona?

Mbali yoyambayo tisakane, ndi zoona. Amishoni a mpingo wa Dutch anafika pa Mvera mu 1889 ndipo mpaka lero Dowa, Lilongwe ndi Dedza kuli a Nkhoma Sinodi mbwee, Akatolika anakhazikika pa Nzama 1901 kenako pa Mua 1902, Ayao anatengera Chisilamu kwa amalonda achiswahili. Palibe mudzi unakhala pabwalo kuyerekeza Baibulo ndi Korani nkuvota ayi, anthu analandira chomwe chinawapeza. Kunjanso nchimodzimodzi, wobadwira ku Thailand kawirikawiri ndi Mbuda, wa ku India ndi Mhindu.

Ndipo simuli oyamba kudabwa. Al-Ghazali, shehe wamkulu amene ankaphunzitsa ku Baghdad, anaona ali mnyamata kuti ana a Akhristu amakula Akhristu, ana a Ayuda Ayuda, ana a Asilamu Asilamu, ndiye anayamba kufunsa kuti pa zomwe ndimakhulupirirazi zanga ndi ziti zongotengera ndi ziti. Mu 1095 mtima unamuvuta mpaka lilime linakana kuphunzitsa, anasiya ntchito yapamwambayo nkupita ku Damascus ndi ku Jerusalem. Anamwalira mu 1111 ali Msilamu ndithu koma osati wongotsatira makolo.

John Hick, katswiri wa maphunziro a zipembedzo wa ku England, anayankha mwina. Atakhala ku Birmingham nkumalowa m'mizikiti ndi m'makachisi a Asikh ndi Ahindu, anati zipembedzo zikuluzikulu zonse zikuyankha kwa Mmodzi yemweyo, aliyense m'chikhalidwe chake. Zimamveka bwino koma ine sizindikwanira, chifukwa Mkhristu akuti Yesu anafa pamtanda, Korani ikuti Isa (Yesu yemweyo) sanapachikidwe, awiriwa sangakhale olondola onse, ndipo Abuda a ku Thailand aja saphunzitsa nkomwe za Mlengi. Kuwauza kuti mukunena chimodzi nkusawamvetsera. Alvin Plantinga, katswiri wina wachikhristu, anabweza funso lomwelo kuti nayenso wonena kuti zonse nzofanana akanabadwira kwina, nthawi ina, sakanaganiza choncho. Ngakhale wokana Mulungu ali nako komwe anazimvera.

Ndiye ine maganizo anga ndi awa, komwe munamvera nkhani sikukuuzani ngati nkhaniyo ndi yoona kapena yabodza. Zoti dziko ndi lobulungira munamva kwa aphunzitsi ku pulayimale simunakaone nokha, koma sizinasanduke bodza chifukwa cha zimenezo. Chomwe funso lanu likuchotsa ndi matama aja omaona mnzako wa chipembedzo china ngati wouma mutu, pomwe iye akungochita zomwe inu mukanachita mukanayamwa bere la mayi ake.

Ine izi zinandipeza ndikuchita lendi ku Mangochi. Mayi eni nyumba mwezi wa Ramadani amadzuka cha m'ma 3 koloko kuphika daku, chakudya chomwe amadya kusanache asanayambe kusala, ndimamva mapoto kudzera pakhoma, tsiku lonse dzuwa la kunyanja lija osamwa ngakhale dontho koma akugulitsabe usipa pamsika, madzulo amanditumizira mwana ndi mbale ya futali wotentha ngakhale ndinali nditadya nkhomaliro. Zinandivuta kwambiri kunena mumtima kuti munthu uyu sakufuna Mulungu. Sindinasinthe mpingo, koma ndinakatenga katekisimu yemwe ndinangoloweza ku kalasi ndili ndi zaka 14 nkuyamba kuwerenga funso lililonse ndikudzifunsa ngati ndikuvomereza, ena ndinawavomera msanga, pa za Utatu ndinakhalapo miyezi. Mayi aja nditawafunsa za Isa anandiyankha bwinobwino osakwiya, tinakhala pakhonde mpaka adhana ya usiku, kuitanira ku mapemphero kuja, itamveka iwo nkunyamuka kukatawaza.