Kachipangizo kouziramo mpweya ndi chifuwa cha bambo anu

Achemwali a ku Santhe, kalata yanu ndaiwerenga katatu. Mukufunsa ngati n'zoona kuti kunja kuli kachipangizo kongouziramo mpweya n'kudziwa ngati munthu ali ndi khansa ya m'mapapo, poti bambo anu akhala akutsokomola chiyambire nthawi yokolola.

Ndinaika foni pansi, chifukwa pamaso panga panabwera malume anga. Iwo moyo wawo wonse unathera pa fodya kuno ku Kasungu. Mbandakucha ali kale m'chigafa, manja ali bii ndi utomoni wa masamba, chingambwe chili pakamwa. Chifuwa chitayamba tonse tinangoti ndi TB, ngakhale ineyo ndinatero. Kuchipatala anayeza makhololo osapeza kanthu, komabe anawayambitsa mankhwala poona chithunzi cha pachifuwa. Anamwa mokhulupirika miyezi 6, azakhali akulemba masiku pakhoma ndi khala. Ndikukumbukira tsiku lina nditawapeza pakhonde akuboola lamba ndi msomali kuti buluku lisamagwe. Linali bowo lachitatu. Pamene dzina lenileni la matendawo linkatchulidwa, madzi anali atafika kale m'khosi.

Mpaka lero zimandipweteka. Kwathu kuno chifuwa chilichonse chokhalitsa timachipatsa dzina limodzi, ndipo munthu akapanda kuchira timayamba kuloza anansi chala. Izi n'zolakwika, ndipo sindibweza mawu. Nawonso amayi athu amene sanasutepo, koma akhala zaka 40 akuuzira moto m'khitchini yopanda zenera, ndani amawaganizira?

Za kachipangizoko

Nkhaniyi si yabodza. Mu 1971 wasayansi wa ku America, Linus Pauling, anapeza kuti mpweya womwe timatulutsa uli ndi tizinthu touluka tamitundu pafupifupi 250. Chotupa chimasintha kagwiridwe ka ntchito ka maselo, ndiye kasakanizidwe ka tizinthuti kamasinthanso. Ndi zimenezi zomwe akatswiri ngati Hossam Haick wa ku yunivesite ya Technion ku Israel, ndi kampani ya Owlstone Medical ya ku Cambridge ku England, akhala akufuna kuzigwira ndi masensa, tizipangizo tozindikira tizinthu ta mumpweya. Musadabwe nazo. Ku Morogoro ku Tanzania, bungwe la APOPO limaphunzitsa makoswe akuluakulu kununkhiza makhololo n'kuloza omwe ali ndi TB. Fungo limanena zambiri.

Vuto n'lakuti mpweya umanyamula zonse: fodya amene munthu wasuta, chakudya cha dzulo, matenda a m'kamwa, TB yeniyeniyo. Kusiyanitsa khansa pakati pa zonsezi n'kovuta, n'chifukwa chake zipangizozi zidakali pakafukufuku. Njira yomwe inatsimikizika ndi CT ya mphamvu yochepa, kujambula m'kati mwa chifuwa mwatsatanetsatane ndi makina a kuchipatala. Kafukufuku wa ku America wa 2011 anaonetsa kuti inachepetsa imfa za khansayi ndi 20 peresenti mwa osuta kwambiri. Wina akakutsatsani kamakina kouziramo mpweya pa WhatsApp, ndalama yanu ikhale m'thumba.

Tsono bambo anu musawadikiritse. Chifuwa chikapitirira milungu iwiri, akayezetse makhololo pa GeneXpert, makina oyezera TB, ndi kujambulitsa pachifuwa. Ngati TB sinapezeke, kapena akumwa mankhwala koma akuondabe, akulavula magazi, mawu asasa, bwererani mukapemphe kalata yopita ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Mupite nawo nokha, bukhu lawo lachipatala lili m'manja, ndipo mukanene zaka zonse zomwe asuta.